Lipenga Lachitatu

Lachiwiri, 2 Ogasiti 2011

Ndatsika ndege yochokera kumgodi. Fumbi lofiira mpaka m'makutu. Nyumba ya ku Bentley, muno mumzinda wa Perth, ili zii, anzanga onse ali ku shifiti. Mkazi wanga Lusubilo waimba foni kuchokera ku Lilongwe. Viza yake sinatulukebe. Ndapukuta lipenga uku ndikulankhula nalo ngati munthu.

Lachinayi, 4 Ogasiti

Pulakatisi ku Northbridge. Bandi yathu ya swing'i, nyimbo zovina za m'ma 1940. Malipenga, masakisofoni, ng'oma. Ambiri ndi azungu opuma pantchito. Ine lipenga lachitatu. Tikaomba tonse pamodzi, chifuwa chimachita kunjenjemera. Mu Perth monse muno, ndi pano pokha pamene ndikasowa amafunsa kuti ndili kuti.

Mayi Annette, otsogolera bandi, sazungulira: "Dansi ndi pa 28. Wojomba pulakatisi ya pa 25, mpando wake ndipatsa wina." Ine mtima m'malo. Sabata imeneyo ndi yanga yopuma.

Lamlungu, 14 Ogasiti

Kumgodi. Kachipinda ngati bokosi, makoma opyapyala. A shifiti yausiku ali mtulo, ndiye ndimatseka lipenga kukamwa ndi sokosi. Limalira ngati mbuzi yachimfine. Komabe gawo langa ndaligwira.

Lachisanu, 19 Ogasiti

A Jailos anandipeza ndikudya. Ndi amene anandipezera ntchito ino, kundilandira pabwalo la ndege, kundigoneka pabalaza pawo. Mwana wawo ali ndi chinkhoswe sabata yamawa, yanga yopuma ija.

"Mphwanga, undigwirire sabata imeneyi. Abwana ndawauza kale kuti wavomera."

Mzungu akanangoti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine kudzuka pampando, manja pamodzi: "Palibe vuto, achimwene." Mpaka kumwetulira. Manyazi anapha lambe. Ndakwiya, koma ndikwiyire ndani?

Lachisanu, 26 Ogasiti

Mayi Annette ayankha uthenga wanga wopepesa kuti ndajomba pulakatisi. Apeza mtsikana wa ku yunivesite, akuti akuomba bwino ndipo sajomba. Mpando ndi wake. Pamapeto afunsa: "Bwanji sunangokana?" Ndiyambire pati kuwafotokozera?

Lusubilo akuti ndachita bwino, munthu wamkulu sakanidwa. Za lipenga sanafunse.

Lamlungu, 28 Ogasiti

Titaweruka ndinatenga lipenga n'kupita kuseri kwa kampu, dzuwa lisanalowe. Ku Northbridge dansi inali itayamba. Ndinaomba gawo langa lonse momwe linalembedwera. Kuomba pang'ono, kudikira, kudikirabe, kuombanso. Modikira monsemo ndi malo a anzanga. Ine ndimawamva m'mutu, aliyense polowa pake, ndipo ndinawasowa koopsa.

Chanda, mnzanga wa ku Zambia woyendetsa zimalole zamiyala, anaima n'kumamvetsera mwaulemu mpaka ndinatsitsa lipenga.

"Boyi, manje nyimbo izayamba liti?"

Ndinasowa pomuuzira kuti yatha.