Thumba la Ukalamba Sinditsegula

Mlongo wanga Gulizar,

Landira moni wochokera kuno ku Bursa. Uli bwanji iwe, alamu ndi ana? Nanga Bambo akugona bwanji masiku ano ndi mtima wawo uja? Ife tiliko, kungoti lendi akwezanso, bondo likundivuta kukazizira, ndipo mlamu wako Nurten wandikwiyira moti tiyi ndikudzithirira ndekha. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umangolira, munthu osamaliza n'komwe zimene ukunena.

Zoti chipatala cholipira ku Malatya chikufuna ndalama za opaleshoni ya Bambo mwezi uno ndamva. Zoti ku chipatala cha boma mzere ndi wautali ndamvanso. Ndiye unati nditsegule thumba langa la penshoni, lija ndimaponyamo mwezi ndi mwezi ku banki, boma n'kumawonjezerapo gawo lake. Usaganize kuti ndinangokhala. Ndinatsanzika kufakitale n'kupita ku bankiko.

Mayi wa ku bankiyo ananditembenuzira kompyuta. Anati ndikatulutsa lero, ndisanakwane zaka 56, gawo lina la boma libwerera kwa eni ake, msonkho nawo uluma kwambiri. Kenako anandionetsa mzere wosonyeza mmene ndalamazo zingakulire ndikazisiya. Poyamba umakwawa, koma zaka zomalizirazi umaimirira, chifukwa phindu limaberekanso phindu linzake. Anandichenjeza kuti n'zongoyerekeza, kukwera mitengo kwa zinthu kukhoza kudya zambiri. Ndinamuuza awerengere ngati zinthu zaipiratu. Ngakhale zitatero, mlongo wanga, zikukwana poyambira kugula kanyumba koti ine ndi Nurten tisadzafere pa lendi. Zangotsala zaka zinayi.

Ndiye nanenso ndinawerengera. Iwe wemwe unati adokotala akuti opaleshoni ikayenda bwino, Bambo angawonjezere zaka ziwiri, mwina zitatu. Ine ndi Nurten, Mulungu akalola, zathu zikadalipo makumi awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma samu imeneyi ndiye ndikuitha. Sinditulutsa.

Nurten atamva anaponya sipuni m'sinki. Akuti m'chifuwa mwanga muli mwala, akuti ndalamazo ndidzazitafuna ndi mano ati, nkhalamba yopanda manyazi ine. Ndinamufunsa ngati achimwene ake aja, obwera kuno chimanjamanja pa chikondwerero chilichonse cha Idi n'kumaliza nyama yonse m'mbale, ndi amene adzatisunge tikakalamba.

Mpaka lero zimandiwawa, Gulizar. Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbuka. Nditakhoza mayeso ndinagwada pamaso pa Bambo kuti agulitse mzere umodzi wokha wa mitengo ya zipatso za maapurikoti, ndipitirize sukulu. Anandiseka alendo ali pomwepo. Anati munthu wanzeru sataya mtengo utatsala pang'ono kubereka, kuona maso a nkhono n'kudekha. Posakhalitsa anandikweza basi ndi bulangete limodzi kuti ndikaphunzire kuwotcherera zitsulo. Munda wonsewo anadzampatsa mng'ono wanga Hayri, mwana wawo wapamtima, amene anaugulitsa n'kugula galimoto lija analigwetsera m'ngalande. Lero Hayri akuti alibe kanthu, ndipo nonse mwamumvetsa. Koma ine Nevzat ndekha ndiye wokumbukiridwa zikavuta? Ayi ndithu! Ine ndine mwana womvera, phunziro la Bambo ndinalisunga. Mtengo wanga watsala pang'ono kubereka.

Ngati mtima ukukupweteka kwambiri, zibangili zagolide zimene malemu Mayi anakusiyira zili pamkono pakopo. Wogula golide kumsika sadikiritsa munthu. Ukati n'za ukwati wa mwana wako Sevda, ndiye kuti nawenso wawerengera ngati ine, usandinenenso kwa anthu.

Pempho langa ndi limodzi. Maso a Bambo saonanso bwino, choncho uwawerengere kalatayi yonse, mokweza, osadumpha mzere. Ndikukudziwa, ukhoza kuwanamiza kuti Nevzat zamuvuta m'tauni. Sindikufuna aziganiza kuti ndilibe ndalama. Ndili nazo, ndipo adziwe.

Undiperekere moni kwa alamu a Rustem ndi azakhali a Zekiye. Kudzera m'kalatayi, ana onse ndawapsompsona m'maso monga mwa mwambo wathu. Hayri umusiye. Bambo ndawapsompsona dzanja n'kuliika pamphumi monga anatiphunzitsira. Uwauze asadandaule kuti mwina sindidzabwera. Abwana andilonjeza kale tchuthi cha maliro, ndipo ndalama ya basi ndaika padera.

Tsala bwino.

Ine mlongo wako,
Nevzat