Kamera Yafika Mochedwa

Asisi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kawama ana ali bwino, koma atate sitiroko ija yawalanda mawu. Amangotiyang'ana.

Paja ndinkafuna kuwajambula filimu akusimba za ntchito yawo ya kumgodi. Mu Ndola muno ndinasowa wondibwereka kamera yabwino, eni ake onse ali ku Lusaka. Atate, nthawi imeneyo asanadwale, anati, "Iwe, ingojambula ndi foni yakoyo." Ine ndi matama angawa ndinakana, ndinadikira miyezi iwiri. Kamera yafika Lachiwiri, ndipo sindinaitulutse n'komwe m'chikwama.

Chonde, mawu amene atate ankakutumizirani pa foni aja musafufute. Munditumizire onse, ngakhale aja ongofunsa ngati mvula yagwa kwanuko. Ndi okhawo tatsala nawo.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Dominiko