Mpando Wopanda Munthu pa Basi ya ku Jenda

3 Meyi 1976, Mzimba
Mphepo ya kuno ilibe chisoni ndi mwana wa ku Salima. Koma pulani yanga yavomerezedwa kuno ku kampani ya mabasi: basi yothamanga, Mzimba mpaka Jenda, osaima panjira. Timasiteji tonse ndafafaniza. Abwana akuti ndili ndi mutu. Ndikudziwa.

10 Meyi
Ulendo woyamba. Basi yodzaza, anthu chiimire, koma mpando umodzi osaukhala. Pambali pake mayi wovala zakuda, kanthambi m'manja. Ine ndakhalapo. Moni wanga, mayi duu. Mpando wozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Pa Kavululu waimirira, kumenya zenera. Dalaivala osaima, lamulo langa lomwe. Mpaka mayi uja wakuwa, "Ndapota, yimani!" Kenaka wadzigwira pakamwa. Watsikira ku Jenda akulira, kanthambi wakasiya pamiyendo panga.

11 Meyi
Yoram, kalaliki mnzanga wa konkuno, wandifotokozera monong'ona. Mayiyo ndi Iness wa ku Kavululu. Mwamuna wake, mphunzitsi, anatengedwa pa Landirova ya apolisi chaka chatha, nakafera komweko. Maliro sanabwere. Dzulo amachokera kotenga mzimu wake ndi kanthambi kaja. "Mzimu amaugulira tikiti, achimwene. Wounyamula sayankhula mpaka kunyumba. Akayankhula, mbwenu mzimuwo watsalira pomwepo."

Pomwepo panali ine.

15 Meyi
Kanthambi ndinakataya kudzala. Lero kali patebulo, masamba osafota. M'nyumba monse fungo la choko. Ndikuopa, ndisaname.

19 Meyi
Ndapempha siteji ya Kavululu ibwerere. Abwana: "Mudzi wa chigawenga uja? Uli nawo chibale chanji?" Ndaseka ngati chitsiru. Masana Landirova panja pa ofesi, bambo wa jekete m'katimo, osatsika.

24 Meyi
Ndimati nditenge mbale imodzi, ndapezeka ndayala ziwiri. Yoram akuti munthuyu ndimuperekeze kwawo ndekha, pakamwa potseka, zivute zitani. Koma aboma akandiona kumudziko, inenso ndapita. Ndatopa. Ndipita basi.

25 Meyi, m'basi, pa depoti
Matikiti awiri. Kanthambi m'thumba la malaya. Tikatsikira ku Jenda, tibwerere wapansi ku Kavululu. Ayufi alowa kuona makhadi a chipani, langa ndaonetsa osatsegula pakamwa.

Bambo wa jekete uja wakweranso. Waima pafupi ndi mpando wa pambali pangawu, akumwetulira. "A Lyson, pali munthu apa?" Wafunsa kawiri.

Ndikulemba kuti ndisadzutse mutu. Sanachoke, akudikira