Nkhosa ya Idi ndinaibisa kudambo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 46, kwathu ndi ku Mangochi. Nditasiya za mugodi ndinapeza ntchito yokama ng'ombe pa pulazi ina kunja kwa Joni, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Kunena zoona, ndikukhala bwino. Chipinda ndili nacho, mkaka ndimamwa mpaka kuukana, ndipo baasi, ngakhale ndi wolongolola, Lachisanu amandilola kupita kumzikiti.

Lamulo lake ndi limodzi basi: wantchito asasunge chiweto pa pulazi. Koma chaka chatha mbusa wa nkhosa wa pulazi ya kutsidya kwa dambo anandipatsa kamwana ka nkhosa kamasiye. Ndinakalera ndi botolo, lero ndi chinkhosa chamanyanga choti mutachiona mungaombe m'manja. Ndimachimanga kudambo, m'kati mwa bango, komwe baasi safika. A Majidu, mkulu wa mzikiti wathu ku Jeppe, ndinawalonjeza kale kuti pa Idi ya nsembe chaka chino abale adya nkhosa yanga.

Mwezi watha ng'ombe ziwiri zinayamba kuchucha dovu, mphuno zitachita nkhanambo. Dokotala wa ziweto anatenga magazi khola lonse. Atabwera ndi zotsatira anati ndi matenda a lilime la buluu, koma mtundu watsopano umene katemera wakale sakuugwira bwino. Anati ng'ombe zambiri zimangowanyamula osadwala, zimene zimafa nawo ndi nkhosa. Kenako anafunsa kuti, "Pali nkhosa pano?" Baasi anati, "Ngakhale imodzi." Ine ndinangopitiriza kukama, maso ali m'chidebe.

Ng'ombe zija zachira. Koma eish, nkhosa yanga milomo yatupa, ikutsimphina, udzu ikungoununkhiza. Ndimaikonda, aphungu, mtima ukundiwawa. Ndikaulula, ntchito ndi chipinda zitha kundithera. Ndikakhala chete, ifa ndikuona. Nditani?

A.T., Joni

Bambo A.T.,

Kulera mumakutha, koma pobisa mwaphonya! Matendawa amayenda ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, ndipo kwawo kwa tizilomboto ndi kudambo, makamaka m'mamawa ndi dzuwa likamalowa. Tikaluma ng'ombe timakalumanso nkhosa. Ndiye inu mwaibisa kwa baasi n'kukaisungitsa kwa eni ake matenda.

Ichotseniko lero lomwe. Ikhale pamalo ouma, pamthunzi, chifukwa dzuwa limakulitsa kutupako. Madzi asaisowe, ndipo poti pakamwa pakuwawa, muziipatsa gaga wonyowetsa ndi udzu wanthete. Musaiyendetse mtunda.

Mukatero, pitani kwa baasi ndi miyendo yanu, asanaione yekha. Kukalipa akalipa ndithu, lamulo munaswadi, ndipo musakayambe ndi kudziikira kumbuyo. Sindingakulonjezeni kuti akhululuka. Komabe munthu amene wamukamira ng'ombe zaka zisanu ndi zinayi samupeza pamsewu, ndipo naye akudziwa zimenezo. Mumupemphe aitane dokotala uja. Magazi a nkhosa yanuyo ndi amene angamuonetse ukali wa mtundu watsopanowu, zimene ng'ombe sizinamuuze.

A Majidu auzeninso msanga. Matendawa sagwira anthu, koma iwo akudziwa kuposa ine kuti chiweto chodwala kapena chotsimphina sichiperekedwa nsembe. Idi ikadali patali masabata angapo, ndipo nkhosa zina zimachira zikasamalidwa. Ikafika tsikulo ikuyenda bwino, kadyeni mosangalala. Ikapanda kutero, abale apeze ina nthawi ilipo.

Chenjezo langa ndi ili: musati mudikire kaye muone ngati ichira. Tizilombo timeneti sitidziwa waya wa malire. Mbusa amene anakupatsani kamasiye kaja ali ndi khola lodzaza kutsidya kwa dambo lomwelo, ndipo mpaka lero palibe wamuuza.