Okoka Makina a Malemu Seneta Ostrander

KOMITI YA CHIKUMBUTSO CHA MALEMU CALVIN OSTRANDER

Tsiku: Lachinayi, 10 Juni 1971
Malo: Chipinda cha pamwamba pa sitolo ya a Aaberg, Kettle Bay

Opezekapo: Bambo Sigurd Aaberg (Wapampando), Mayi Dorothea Pruitt (Mlembi), Mayi Olga Chernikoff, Bambo Hollis Tharp
Alendo: Mayi Lenore Ostrander (akazi a malemu), Bambo Einar Rustad (anabwera osaitanidwa)
Opepesa: M'busa Whitcomb, boti lawo lafa injini kutsidya

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Popeza m'busa kunalibe, anapemphera okha, ndipo pemphero linatalika kuposa la m'busa.

2. MAKINA OSINDIKIZIRA

A Tharp ananena kuti makina a nyuzipepala ya Lantern avuulidwa m'nyanja ndipo ali padoko. Dzimbiri ndi tinkhono zawagwira paliponse, koma chogwirira chikadalipo.

Wapampando anapempha kuti mbiri yake ilembedwe chifukwa ana a masiku ano saidziwa. Mlembi akuilemba monyadira, pakuti mwini makinawa, malemu Ostrander, anali wathu. Mu 1931 a Ostrander anali mtolankhani wa jekete long'ambika m'zigongono. Analemba kuti misampha ya kampani yoika nsomba m'zitini yatseka pamathiriro a mtsinje, moti nsomba za salimoni sizikufikanso kumidzi ya kumtunda ndipo anthu akufa ndi njala. Kampani inatuma anyamata ake, nakankhira makina a Ostrander m'nyanja. A Ostrander sanasiye kulemba. Atakhala bwanamkubwa wa dera lathu anagwetsa misampha yonse, kenako tinawatuma kulikulu monga seneta wathu woyamba.

Anagwirizana: Pa 4 Julaye makinawo akwezedwe pangolo, anthu awakoke ndi chingwe kuchokera padoko kukafika ku laibulale. Galimoto ayi. Anatsika ndi manja a anthu, akwerenso ndi manja a anthu.

3. OKOKA CHINGWE

Wapampando akuyamba kutchula mayina, a Rustad, omwe ali ndi zaka 79, anaimirira ndi kupempha malo pachingwe. Tonse tikudziwa kumene a Rustad ankagwira ntchito mu 1931, ngakhale palibe anazinenapo pagulu.

Mayi Chernikoff anati: "Inu? Inuyo a Einar? Manyazi munawaika m'chitini n'kutumiza kunja kodi? Chaka chimenecho kwathu tinkaphika zikopa. Mlongo wanga Pavel tinamuika m'manda asanamere mano onse. Mukagwira chingwe chimenecho inu, ine ndi anthu akwathu sitibwera."

Wapampando anakumbutsa kuti mamembala azilankhula kudzera kwa Wapampando. Mayi Chernikoff anati Wapampando ali ndi makutu, amve nawo.

A Tharp anati nkhaniyi ithe mwaulemu, komiti ingolengeza kuti a Rustad ndi okalamba, sangathe chitunda cha ku laibulale. A Rustad anakana. Anati: "Musandibise kuseri kwa ukalamba, Hollis. Ndinali kumbuyo kwa makinawo, dzanja lamanzere. Ndinamva phokoso lake akugwera m'madzi, ndipo mpaka lero ndimalimva. Potsika ndinakankha nawo. Ndiloleni ndikoke nawo pokwera, ndisanafe."

Wapampando anafunsa maganizo a Mayi Ostrander. Iwo anati amuna awo ankawadziwa onse amene anakankha, ndipo pa tsiku lomwe analumbira ubwanamkubwa anagwirana chanza ndi a Rustad ngati munthu wina aliyense. Anaonjeza kuti malemu ankaseka n'kumati kampani ija ndiyo inawakweza: nkhani ya nsomba ikanathera pa Kettle Bay pompano, koma ya makina omizidwa inamveka mpaka kulikulu.

A Tharp anati basi, zatha, malemu anakhululuka.

Mayi Ostrander anati: "Ayi, Hollis, musathamange. Calvin anakhululuka za makina ake. Za Pavel sizinali zake kuti akhululuke. Ndipo mukudziwa lamulo lake pantchito: munthu mumulembe dzina lonse ndi zimene wachita, osachotsa, osaonjeza. Zonena kuti 'anthu ena osadziwika' ankazing'amba pamaso pako."

Mlembi akuchitira umboni. Anagwirapo ntchito ku Lantern ndipo zake zinang'ambidwa kangapo.

A Rustad anati ngati ndi choncho, dzina lawo lilembedwe lonse m'zolemba za msonkhano uno, ndipo liwerengedwe padoko anthu onse akumva. Wapampando anawachenjeza kuti zidzukulu zawo zidzakhala pomwepo. Iwo anayankha kuti n'chifukwa chake akupempha.

Mayi Chernikoff anakankhira kapu yawo ya khofi pambali. Kenako anati: "Chabwino. Koma asabisale pakati pa anyamata. Akhale patsogolo penipeni, aliyense awaone nkhope. Ine ndikhala kumbuyo kwawo."

A Tharp anafunsa ngati akutero kuti aziwathandiza pachitunda.

Mayi Chernikoff anati: "Kuwathandiza? Ndikufuna ndiwaone akafuna kukhoteranso kumadzi."

Anthu anaseka, a Rustad anaseka nawo kwinaku akupukuta m'maso ndi chipewa.

Anagwirizana, popanda wotsutsa, kuti padoko padzawerengedwe mawu awa:

"Einar Johannes Rustad anakankhira nawo makina awa m'nyanja mu 1931. Lero akuwakoka. Pavel Chernikoff anamwalira ndi njala chaka chomwecho, ali ndi zaka ziwiri. Mlongo wake Olga akukoka m'malo mwake."

4. ZINA NDI ZINA

A Tharp anafunsa ngati makinawo apalidwe dzimbiri ndi kupakidwa penti. Mayi Ostrander anati asiyidwe momwe atulukira m'madzi, osachotsa, osaonjeza.

A Rustad anadandaula kuti manja awo sagwiranso bwino chingwe chonyowa. Mayi Chernikoff anati ali ndi magolovesi achikopa a malemu bambo awo, adzawabweretsera, koma adzabweze.

Msonkhano wotsatira: Lachinayi, 17 Juni, malo omwewo.
Msonkhano unatsekedwa 4 koloko masana.

Sigurd Aaberg, Wapampando
Dorothea Pruitt, Mlembi