Chala pa 50 Thebe

Lachinayi, 10 Julayi

Ndatopa lero, ndipo mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Masana a Tembo, Mzambiya wogulitsa ndalama zakale ku Commerce Park, anabweretsa ndalama yachitsulo ya dziko lino, ya 25 thebe, imene bambo a Chikondi anaitanitsa asanagonekedwe m'chipatala. Ndalama zisanu ndi imodzi za 1976, zowala ngati kalilole, zosayendapo pamsika, tsopano zakwana m'bokosi mwawo. Yomalizayi yafika patatha masabata atatu chiwaikireni m'manda. Mwana wathu Chikondi akufuna tizigulitse zonse pamodzi tisanasamuke.

A Tembo anaziunika ndi galasi, n'kuima pa 50 thebe. "Amai, iyi munthu anaigwira na manja. Chidindo cha chala sichichoka, ogula safuna. Nipatseni, nizakupezerani ina."

Ndinasuzumira nanenso. Pambali pa chithunzi cha nkhwazi pali mizere ya chala chachikulu. Mwamuna wanga, munthu amene ankavala magolovesi pozigwira, ankandiletsa ngakhale kuzipumira, tsiku lina anaiwala, ndipo sanandiuze.

"Ke a leboga, a Tembo, koma isiyeni," ndinatero, kuwathokoza m'chilankhulo cha kuno.

Mawa ndimuuza Chikondi kuti agulitse zisanu zokha. Adzati ndapasula zimene bambo ake anavutikira, ndipo mwina akunena zoona, koma...