Kapamba Wanga Ali Moyo

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Kwazizira chomene lero, koma ine sindinakumve n'komwe.

Zotsatira za magazi anga amene anatumiza ku Mzuzu zabwera. Adokotala pa Boma aloza papepala mawu akuti C-peptide, amvekere, "Aphunzitsi, ichi chimatiuza ngati kapamba akupangabe insulini. Wanuyu akupanga yambiri ndithu, koma kunenepaku ndi kumene kukuilepheretsa kugwira ntchito. Mukachepako thupi, mwina jakisoni tidzasiya, muzidzangomwa mapiritsi."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzibaya pamimba chifukwa cha shuga, mankhwala ndikusunga mumtsuko wa mchenga wonyowa. Kabaza sindinakwere, ndabwerera wapansi ndikuimba.

Amuna anga a Gondwe sanakondwe nditawauza kuti ndiziyenda m'mawa uliwonse. Akuti, "Mukaonda, kutchalitchi azidzati mwatenga matenda aja, kapena ine sindikukudyetsani. Mkazi wa mkulu wa mpingo amaoneka ndi thupi."

Ndawayankha kuti onenawo sanaonepo zipsera za pamimba panga, koma iwo amaziona tsiku ndi tsiku.

Pambuyo pake afunsa ngati nsapato zawo zakale zija zikadalipo, komanso kuti mawa tinyamuka nthawi yanji.